Makina Amene Ndinagula ku Maglas

Anandilanda ndalama za chipereganyu za amayi anga. Anachita zimenezi masana, dzuwa lili pamutu, ine nditakhala pabenchi pakhonde pawo, ndikumwa tiyi wawo n'kumanena kuti zikomo. Panalibe mpeni, panalibe wondigwira pakhosi. Ndinapereka ndekha, ndi manja awiri.

Ndisanapitirire ndinene kuti sindine chitsiru. Sukulu ndinalekezera Fomu 3, koma vuto silinali mutu. Ndinalibe chikalata chobadwira, ndipo popanda chimenecho mayeso sulemba. Agogo anga aamuna anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'migodi, amayi anabadwira ku Kwekwe, ine ndinabadwira ku Amaveni, komboni ya ku Kwekwe komweko, koma nthawi zonse tikapita kukafunsa za pepalalo ankatiuza kuti tibwere ndi wachibale wa kumudzi kwathu. Kumudzi kuti? Chimene tikudziwa n'chakuti agogo ankati Ntcheu. Ntcheu yake iti, palibe anawafunsa ali moyo. Ndinatopa nazo, ndinasiya.

Mnyamata wa ku Amaveni akasiya sukulu, dzenje limakhala likumudikira. Anzanga ambiri ndi makorokoza, aja amakumba golide m'maenje osiyidwa. Ena amabwerako ndi nsapato zatsopano. Mmodzi, amene tinkakhala desiki imodzi, anabwerako atakulungidwa m'bulangeti. Amayi anandiuza kamodzi kokha, akutsuka mbale, osandiyang'ana: "Bambo anga mgodi unawadya mwendo. Bambo ako unawadya chifuwa. Iwe pansi sulowa." Ndiye ndinapita kukagwirira zitsulo bambo wina wowotcherera kuseri kwa msika. Malipiro ake anali buledi ndi chakumwa, ndi kadola akakumbukira. Koma ntchito ndinaidziwa. Mzere wanga unkatuluka wosalala kuposa wake, ndipo n'chifukwa chake makasitomala akakhalapo sankandilola kugwira makina.

Mwayi unabwera ndi mayi wina amene ankatsegula sukulu ya mkaka. Ankafuna geti ndi zitsulo za m'mawindo. Anandiuza mosabisa kuti ndikakhala ndi makina anga ntchito ndi yanga, ndikapanda apatsa wina. Mwezi womwewo ndi umene amayi ankalandira chipereganyu, chimene iwo ndi anzawo ogulitsa masamba amachitcha mukando. Ndalamazo anazikonzera malata a chipinda chathu chodontha. Anazimanga pampango n'kundipatsa zonse.

"Malata adikire," anatero. "Mvula siinaphepo munthu m'nyumba muno."

Za makina atsopano sizikanakwana. Anatsala akale, ndipo zakale masiku ano zimagulidwa pa foni. M'magulu ogulitsirana katundu muja ndinali nditakhalamo nthawi yaitali, ndikungoonerera. Ndinaona mnansi wathu akugula firiji imene inazizira tsiku limodzi basi. Ndinaona mnzanga akutumiza ndalama za foni imene chithunzi chake chinali ku Gweru, ku Kadoma ndi ku Redcliff nthawi imodzi, kwa anthu osiyana. Ndinaphunzirapo. Wolemba kuti chagwira ntchito pang'ono, ndiye kuti chinafapo kale. Wojambula mbali imodzi akubisa inayo. Wonena kuti pali wina akubwera ndi ndalama masana ano, palibe akubwera. Chithunzi sindichikhulupirira. Ndimafuna vidiyo, ndipo ndimamuuza wogulitsayo chinthu choti aike pamwamba pa katunduyo, kuti ndidziwe kuti wajambula lero, m'nyumba mwake. Ndikafika ndimaona mitu ya masikuluwu ngati inakandika, chizindikiro chakuti munthu anatsegulamo. Ndimanunkhiza kumbuyo kotulukira mpweya, chifukwa waya wopsa sabisa fungo. Ndipo ndalama sizituluka m'thumba ndisanayatse ndekha.

Makinawa sindinawaone m'magulu amenewo. Ndinawaona m'gulu lathu, la ana a Amalawi a kuno ku Midlands, lija timalengezeramo maliro ndi misonkhano ya mpingo. Pakati pa uthenga wa maliro ndi pemphero la m'mawa panali chithunzi cha makina achikasu, aang'ono, onyamula m'manja. Mawu ake anali a Chichewa cha akuluakulu, chopanda Chishona ngakhale chimodzi: "Abale, tikugulitsa makina awa chifukwa mwini wake wakalamba. Ali ku Maglas, ku Zvishavane." Ndinaganiza kuti wakuba sangaike katundu wake pafupi ndi maliro. Komabe sindinafewe.

Ndinalemba kuti: "Ikani supuni ndi tomato pamwamba pake, muyatse, muwotcherere zitsulo ziwiri. Vidiyo musaidule."

Anayankha mwachangu. "Achimwene, mukufuna kuwotcherera kapena kuphika ndiwo?"

Koma vidiyo inabwera. Supuni inalipo, tomato analipo. Nkhope sinaoneke, manja okha, a mnyamata. Fani inazungulira, moto unatuluka wabuluu, mzere unagwira bwino. Pachogwirira panali tepi ya buluu. Ndinaionera kangapo. Kenako ndinafunsa funso limene ambiri amaiwala: magetsi kwanuko amakhalapo liti? Anati Lamlungu sazima. Ndinati ndikubwera Lamlungu, ndi ndodo zanga zowotcherera ndi zidutswa zanga zachitsulo, ndipo sindilipira ndisanaone moto.

"Zvakanaka, achimwene," anatero, kuvomera m'Chishona. "Munthu wosamala timamukonda."

Ndinakwera kombi, minibasi ya kuno, mpaka ku Gweru, ina kudzera ku Shurugwi. Ndalama zinali m'sokosi. Titayamba kuona milu yotuwa ya mgodi wa ku Zvishavane, foni inalira. Anali iye. Akuti waitanidwa mwadzidzidzi, wachokapo, koma sekuru alipo, kutanthauza mkulu wokalamba uja, mwini makina weniweni, ndipo akudziwa zonse. Mtima unandiuza kuti nditsike ndibwerere. Wogulitsa wosintha nkhope tsiku lomaliza ndinkamudziwa kale. Koma ndinali nditalipira kale ulendo, ndipo ndinadziuza kuti lamulo ndi lomwe lija, kaya ndi mnyamata kaya ndi nkhalamba: moto kaye, ndalama pambuyo.

Nyumbayo inali ngati zinzake za ku Maglas, yaing'ono, ya mpanda wa maluwa, pabwalo posesedwa bwino. Pakhonde panakhala bambo wokalamba kwambiri, atavala jekete ndi chipewa, ndodo ili pakati pa miyendo. Diso limodzi linali loyera. Patebulo pambali pawo panali makina achikasu a tepi ya buluu.

"Odi!"

"Fika, mwanawe, fika. Ndiwe wa ku Kwekwe uja? Aaa, wayenda. Amayi, tiyi kuno, mlendo wafika."

Anatuluka mayi wokalamba, anagwada, anandipatsa madzi osamba m'manja. Chiyambire palibe munthu wamkulu anandigwadirapo. Anabweretsa tiyi wamkaka ndi mbatata. Ndinati ndione kaye makina. Masikuluwu anali oyera, osakandika. Ndinanunkhiza kumbuyo. Ankanunkha polishi wa pansi.

"Agogo, bwanji akununkha polishi?"

"Agogo ako aakaziwa amapukuta chilichonse chokhala chete. Ine ndikagona masana amandipukutanso."

Ndinaseka, ngakhale sindinkafuna. Ndinatulutsa ndodo zanga, ndinalowetsa pulagi m'soketi ya pakhonde. Zii. Ndinayang'ana babu, ndinakanikiza swichi yake. Zii.

"Azima uli m'njira," anatero mkuluyo. "Anthu amenewa alibe Lamlungu."

Nyumba yoyandikana nayo wailesi inkaimba nyimbo za tchalitchi. Ndinafunsa. Anati amenewo ali ndi sola, mwana wawo ali ku Joni. Zinamveka. Ndinati ndidikira. Anati dikira, pano ndi pakwanu, imwa tiyi asanazizire.

Podikirapo ndi pamene anayamba kufunsa. Mwa ife aliyense amadziwa mafunso amenewa. Munthu wamkulu sangakhale nawe osakufunsa kumene unachokera. Bambo ako ndani, amayi ako ndi mwana wa yani, agogo ako anabwera liti. Ndinayankha zimene ndikudziwa, zimene ndi zochepa. Ndinati agogo a kuchikazi anali a ku Ntcheu, ndipo asanapite ku Kwekwe anayamba agwira kuno ku Zvishavane, ali mnyamata.

Mkuluyo anaika kapu pansi.

"Wa ku Ntcheu? Kuno? Anali wamfupi, wakuda?"

"Amayi amati anali wamtali."

"Wamtali, eya! Wamfupi uja anali mnzake, ankayenda limodzi. Kodi ankayenda bwinobwino?"

"Ankatsimphina. Mwendo wamanzere."

Anavula chipewa. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi diso lake labwino lija, kenako anaitana mkazi wake. "Amayi, bwerani mudzaone. Mdzukulu wa achimwene aja. Taonani mphumi."

Anandiuza nkhani yonse. Akuti iye anali kamnyamata kongoyamba kumene, kolayisha miyala m'ngolo. Tsiku lina, shifiti ili pafupi kutha, denga linalira. Aliyense anathawa. Mwala unagwera agogo anga pamwendo, nyali zinazima, fumbi lili tholo. Iye anali atafika kale potulukira, koma anamva mawu kumbuyo: "Usandisiye, mng'ono wanga, kwathu n'kutali." Anabwerera. Kapitawo akukuwa kuti aikona, buya lapa, bwerera kuno, iye osamva. Anawakoka, anawabereka kumsana mpaka pa kheji yokwerera kumtunda. Akuti agogo ali kumsanako ankaimba nyimbo ya kwawo kuti asakomoke, ndipo mkuluyo anaiimba pang'ono pomwepo, ndi mawu onjenjemera.

Sindinawaonepo agogo. Chithunzi chawo tilibe. Amayi anali aang'ono pamene agogowo ankamwalira, ndipo za mwendo uja ankangodziwa kuti ndi mgodi. Tsopano munthu anali patsogolo panga akundipatsa mawu awo, nyimbo yawo. Ndinaiwala kuti mbatata ili m'manja.

Dzuwa linapendeka, magetsi osabwera. Kombi yomaliza yopita ku Gweru siidikira munthu. Ndinadzikakamiza, ndinati: "Agogo, bwanji tiwanyamule tipite nawo ku mashopu? Pali wina ali ndi jenereta, tingoyesa pang'ono."

Sanakwiye. Akanakwiya zikanandithandiza. Anangoweramitsa mutu n'kuyamba kusisita ndodo yake.

"Pita nawo, mdzukulu. Ndi ufulu wako. Koma ine nditsala. Sindingayende m'Maglas muno, anthu akuona, kumbuyo kwa mdzukulu wa munthu amene ndinamubereka, akukandiyesa ngati ndine mbava. Ndakalamba nazo zimenezo."

Mkazi wake anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Mkuluyo anawonjeza kuti pa mtengo uja ndichotsepo ya ulendo wanga, chifukwa sangadye ndalama yonse ya mwana wa m'nyumba. Ndi chimene chinandimaliza. M'magulu onse aja sindinaonepo wakuba akutsitsa mtengo wosapemphedwa. Ndinavula nsapato, ndinatulutsa ndalama m'sokosi, ndinagwada, ndinapereka. Iye anaika makinawo m'saka, anamanga yekha ndi chingwe, mfundo zolimba za kumgodi, ndipo anaika dzanja pamwamba n'kupempherera ntchito ya manja anga.

Kunyumba ndinayamba ndi nkhani, osati makina. Amayi anakhala pansi pakhomo. Ananena kuti ndibwereze mawu aja, ndinabwereza. Anati ndiimbe nyimboyo, ndinaimba mmene ndinaikumbukirira, molakwitsa. Analira mwakachetechete, kenako anaseka, anati eya, bambo ankakonda kuimba. Tsiku limenelo sindinamasule saka.

M'mawa mwake magetsi analipo. Ndinadula chingwe, ndinalowetsa pulagi. Fani inazungulira kawiri mwaulesi, kunamveka phu, ndipo utsi woonda unatuluka kumbuyo. Fungo la polishi linatha nthawi yomweyo, linabwera lija ndinkalifuna dzulo lake.

Ndinatenga sikuludiraiva. Masikuluwu anamasuka mosavuta, ndipo ndinaona chifukwa chake anali oyera: anali atsopano, ogula kumene. M'katimo munali mzere wa matope ouma, ofiira, wozungulira mbali zonse pa msinkhu umodzi, ngati mzere wa tiyi m'kapu yosatsuka. Pansi pa mzerewo zonse zinali dzimbiri. Matope amenewo ndimawadziwa, amabwera pa majombo a anzanga. Makinawo anamira m'dzenje lodzadza madzi, anawavuula, anawaumitsa padzuwa, anawapukuta kunja.

Ndinatsegulanso vidiyo ija. Ulendo uno sindinayang'ane moto, kapena supuni, kapena tomato wanga wanzeru uja. Ndinayang'ana makinawo. Kachitsulo kopotokola mphamvu kanali kofiira. Pa anga kanali kakuda. Tepi ya buluu ya m'vidiyo inali yakuda ndi manja, yanga inali yatsopano. Anali ndi makina amodzi abwino ojambulira, ndi ena akufa ogulitsa. Ine ndinatsimikiza kuti vidiyo ndi ya lero. Sindinatsimikize kuti ndi ya makina anga.

Ndinaimba foni. Siinalowe. M'gulu muja chithunzi chinali chitachotsedwa.

Amayi anati mnyamata uja wapusitsa nkhalamba, iwonso sakudziwa kanthu. Ndinkafuna kuti zikhale choncho. Koma mlungu wonse wailesi ija inkandiimbira m'mutu. Ndinabwereka ya ulendo kwa bambo wowotcherera uja, amene anandiseka mpaka kutsokomola, ndipo Lamlungu lotsatira ndinabwerera ku Maglas ndi saka langa paphewa, osauza munthu.

Ndisanafike pa mpanda wa maluwa uja ndinaona mayi wa nyumba yoyandikana nayo akusita pakhonde. Simbi yake inali ya magetsi, chingwe chikulowa pawindo. Padenga pake panalibe sola. Ndinamufunsa m'Chishona ngati magetsi alipo. Anati alipo kuyambira m'mawa, Lamlungu sazimazima. Anayang'ana saka langa, anayang'ana nyumba ya mkulu uja, n'kubwerera ku malaya ake.

Ndinaima kuseri kwa maluwa. Pabenchi langa panakhala mnyamata wina wa msinkhu wanga, wovala jezi ya mpira, kapu ya tiyi m'manja. Patebulo panali makina achikasu a tepi ya buluu. Mkuluyo anali atavula chipewa.

"...denga linalira, aliyense anathawa. Mwala unawagwera padzanja, n'chifukwa chake analibe zala zija. Ine ndinali nditafika kale potulukira, koma ndinamva mawu kumbuyo: usandisiye, mng'ono wanga, kwathu n'kutali."

Agogo a ameneyu anali a ku Mangochi. Nyimbo inali yomweyo.

Sindinanene odi. Ndinalowa, ndinaponya saka pabwalo, ndinadutsa pakati pawo mpaka pakhomo. Bokosi la mita linali kuseri kwa chitseko, litaphimbidwa ndi kalendala. Swichi yaikulu inali pansi. Ndinaikweza. Babu la pakhonde linayaka, m'nyumba firiji inayamba kulira.

"Magetsi abwera, blaz," ndinamuuza mnyamatayo. "Yatsa."

Anandiyang'ana, anayang'ana mkuluyo. Anaika kapu pansi pang'onopang'ono, analowetsa pulagi. Ake sanatulutse ngakhale utsi. Ndinamasula saka langa, ndinamuonetsa mzere wa matope. Anamanga zingwe za nsapato, zimene anali atamasula kale kuti atulutse ndalama, n'kunyamuka. Pageti anatembenuka, ndipo sanafunse za makina. Anandifunsa ine, m'Chichewa chake chothyokathyoka: "Ndiye agogo anga sanawadziwe?"

"Afunse wekha," ndinatero. Sanafunse. Anapita.

Mkuluyo anavala chipewa chake. Sanachite manyazi.

"Wabweranso, mdzukulu. Sunanene odi."

"Munazimitsa dala."

"Agogo ako aakazi amazimitsa masana kuti mayunitsi asathe. Amaiwala kundiuza. Takalamba."

"Nanga sola ya oyandikana nawo ili kuti?"

"Ndi diso ili ukufuna ndizikwera padenga la anthu?"

"Makinawa anamira m'dzenje. Onse awiri."

"Za makina ndi za mwana wa mlongo wanga. Amabwera nawo, amati sekuru, kubwera alendo, muwalandire. Ine ndimalandira alendo. Kulandira alendo kwayamba liti kukhala mlandu?"

Chilichonse chinali ndi yankho, ndipo yankho lililonse linkatha kukhala loona, likakhala lokha. Ndinafunsa lomaliza.

"Agogo anga munawadziwa?"

"Ankatsimphina kapena sankatsimphina?"

"Ndinakuuzani ndine."

"Ndiye ukufunanso chiyani kwa ine?"

Kumenya nkhalamba sindingathe, ngakhale manja ankayabwa. Ndinakoka makina onse awiri mpaka pageti, ndinawatsegula kuti matope aoneke, ndinakhala pakati pawo. Inali nthawi yoweruka ku tchalitchi. Amayi a mayunifomu ankadutsa ndi mabuku awo a nyimbo, ndipo aliyense woyang'ana ndinkamuuza mokweza kuti bwerani muone katundu wa m'nyumba muno, womira m'madzi, wopemphereredwa. Ena anaima. Ena anafulumira ngati akudziwa kale. Sindinafike patali. Mayi wokalamba uja anatuluka, osagwada ulendo uno, anandikankhira mpukutu wa ndalama m'manja n'kunena m'Chishona kuti nditenge ndizipita, ndikuwachititsa manyazi. Sizinakwane. Mkuluyo anakuwa ali pakhonde kuti zotsalazo ndidzatenge mwana wa mlongo wake akabwera.

"Abwera liti?"

"Ali kudzenje. Wa kudzenje amadziwika tsiku lobwera?"

Makina anga akufa ndinawasiya pageti pomwepo.

Amayi ndinawauza zonse, sindidziwa kubisa. Ndinawauza za swichi, za simbi, za mnyamata wa jezi ya mpira, za agogo ake a ku Mangochi opanda zala, za mawu omwewo ndi nyimbo yomweyo. Anamvetsera akusadzula masamba a mawa. Nditamaliza anati:

"Mumgodi munkagwa anthu ambiri. Mwina anabereka onse awiri."

"Amayi, mawu omwewo?"

"Munthu mwala utamugwera ukufuna anene chiyani? Onse kwawo kunali kutali."

Ndinalemba m'gulu lathu kuchenjeza anthu za makina achikasu a ku Maglas. Amayi anandikalipira kuti munthu amene ananyamula bambo awo satukwanidwa pamalo olengezera maliro. Sanafunikire kudandaula. Oyang'anira gululo anafufuta uthenga wanga tsiku lomwelo, n'kundilembera kuti ana a masiku ano tiziphunzira kulemekeza akuluakulu. Wogulitsa sanamufufute. Ndimamuonabe mmenemo, amalemba kuti mzimu wawo uwuse mumtendere maliro alionse.

Geti la sukulu ya mkaka linapita kwa bambo wa kuseri kwa msika uja. Ine ndi amene ndinamugwirira zitsulo zake, ndipo mzere wake unatuluka wokhota monga mwa masiku onse. Ndikadutsa pamenepo ndimayang'ana kumbali.

Mkulu uja ndimamuganizirabe kuposa mmene ndimafunira. Tsiku lina ndimati ndi mbava yokhwima imene inazindikira kuti ife obadwira kuno tili ndi njala ya munthu wotiuza kuti agogo ako ndinawadziwa, ndipo tikamva zimenezo timaiwala kununkhiza. Tsiku lina ndimati mwina anaberekadi munthu mmodzi kalekale, ndipo akhala akumugulitsa kuyambira pamenepo. Amayi amaimba nyimbo ija akamachapa. Sindidziwa ngati ndi ya ku Ntcheu, ya ku Mangochi, kapena ya pakhonde la ku Maglas.

Pali makina ena ku Gweru. Ndinawaona pa foni, ndinapitako, ndinakana tiyi, ndinakana mpando, ndipo atandifunsa kuti kwathu n'kuti ndinati ku Amaveni basi. Ndinawatsegula m'kati mwini wake akuona, ndinawotcherera ndi dzanja langa mpaka ndodo inatha. Ndi abwino. Mwini wake akuti sadikira mpaka kalekale, ndipo zimene ndili nazo ndi zoperewera. Anyamata a kudzenje amaimba likhweru akamadutsa pakhomo pathu m'mawa, amati malo alipo, masiku ochepa chabe ndipeza zotsalazo. Amayi anachotsa majombo a malemu bambo anga pansi pa bedi n'kuwabisa pamwamba pa kabati, kuseri kwa masutikesi. Akuganiza kuti sindikudziwa. Sindinawakhudze.

Ndinawauza amayi kuti ndikufuna kubwereranso ku Maglas. Anati ndikapita ndinyamule paketi ya shuga, ndikawapatse agogo aja moni wawo.

Mvula yayamba, chipinda chikudontha pamalo pomwe paja. Ku Maglas kwatsala madola makumi anayi anga.